Suti Yotuwa ya Lachinayi

Mlongo wanga timamutchula kuti Wamawaya. Dzinali analipeza ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, tsiku limene anamasula wailesi ya bambo athu kuti aone amene amalankhula mkatimo, n'kupezamo mawaya okhaokha. Anakwapulidwa ndithu, koma pofika madzulo wailesiyo inalankhulanso, ndipo bambo sananenenso kanthu. Ine ndine wamkulu, ndinamusiya ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ndili ndi ufulu wonena zake zonse. Zanganso ndinena, musadandaule, chifukwa m'nkhani ino wabodza ndine.

Ndili ndi shopu yochapa ndi kusita zovala. Ndi chipinda chimodzi chachitali: kutsogolo kauntala, pakati mizere itatu ya mahang'ala, kumbuyo makina awiri ochapira ndi tebulo lositirapo. Patebulopo pamakhala mayi wina wachikulire amene timangowatchula kuti a Nthunzi, poti tsiku lonse amakhala ali mu nthunzi ya simbi, nkhope yawo umaiona mwa apo ndi apo. Anthu amaganiza kuti ntchito yathu ndi kuchapa. Ayi, kuchapa aliyense amachapa. Ntchito yathu ndi kubweza chovala kwa mwini wake, chomwecho chimene anabweretsa, pa tsiku limene munagwirizana. Ukasokoneza pamenepo, ngakhale uchape mpaka chovala chiwale, munthuyo sumuonanso.

Kale tinkalemba m'buku la matikiti, tikiti ina n'kuibaya ndi pini pa chovala. Mapini ankathothoka, inki inkasungunuka, makasitomala ankataya matikiti awo. Loweruka lina Wamawaya anabwera kudzatenga malaya ake. Nthawi imeneyo n'kuti akugwira ntchito yopanga mapulogalamu a pakompyuta ku kampani ina yaikulu, mu ofesi yozizira ya mawindo osatsegula. Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kumandiyang'ana ndikusakasaka diresi la mayi wina kwa mphindi makumi anayi, thukuta lili kamukamu, mayiyo akugogoda kauntala ndi makiyi a galimoto. Sanathandize, sanalankhule. Anangotenga malaya ake n'kumapita, ine n'kumutukwana chamumtima.

Patapita masabata atatu anabweranso atanyamula kompyuta yakale ndi kamakina kosindikiza timapepala. Anaziika pansi pa kauntala, n'kundiitana.

"Achemwali, lembani apa dzina la munthu, apa nambala yake ya foni, apa zovala zimene wabweretsa. Basi."

Koma ndiye inali basi zenizeni! Ukalemba, kamakina kaja kankatulutsa timapepala ta nambala tosasungunuka m'madzi. A Nthunzi akamaliza kusita, ine ndinkadina batani limodzi, uthenga n'kupita pa foni ya mwini zovala kuti abwere. Akatenga, ndinkadinanso batani lina, dzina lake n'kuchoka pa mndandanda wa odikira, ndipo foni yake inkalira asanafike n'komwe pamsewu: "Zikomo potenga zovala zanu. Mudzabwerenso." Mawu amenewo anawalemba yekha Wamawaya, munthu amene pakamwa pake sindinamumvepo akuuza munthu kuti mudzabwerenso.

Nkhani yabwino siichedwa kuyenda. Anzanga a ntchito ngati yanga anayamba kubwera kudzasuzumira pansi pa kauntala: wina wa kufupi ndi msika, wina wa kuseri kwa chipatala, telala wa pa mzere wathu, ngakhale wosoka nsapato. Onse pamodzi anakwana asanu ndi mmodzi. Aliyense funso lake linali limodzi, kuti mlongo wanuyo angatiikireko ifenso? Ndinkawapatsa nambala yake monyada. Iye akamva foni ikulira, n'kuona nambala yachilendo, ankangoiyang'ana mpaka isiye yokha. Ndikamufunsa ankati, "Adikire pang'ono, sinathe."

Kusatha kwake kunali kumodzi, ndipo ndine ndinakupeza. Pulogalamu ija inkadziwa zinthu ziwiri zokha: munthu watenga zovala, kapena sanatenge. Koma anthu sali choncho. Munthu amabweretsa suti, mawa lake n'kubwera mothamanga kuti mundipatse jekete yokha ndili ndi msonkhano, thalauzalo ndidzatenga Lachisanu. Ukadina kuti watenga, kompyuta inkatseka zonse, thalauza lija n'kutsala pa hang'ala lopanda mwini. Ukapanda kudina, inkaonetsa ngati jekete ikadali pano, mawa n'kumaisaka. Pakona ya mzere wachitatu panayamba kuunjikana mathalauza ndi masiketi otere, ndipo a Nthunzi anapatchula kuti kwa amasiye.

Ndinamufotokozera. Anamvetsera bwinobwino, anatulutsa kapepala kachikasu komata, n'kulembapo mawu anga momwe ndinawanenera: "Munthu akatenga jekete n'kusiya thalauza." Anakamata pa chivundikiro cha laputopu yake.

"Imeneyi ndi ntchito ya masana amodzi," anatero.

"Ndiye ichite masana ano, ndikugulira chakudya."

"Ayi achemwali, inu mumaona kunja. Mkati mwake ndi mwauve, ndinaipanga mothamanga. Ndikakhudza apa, pagwa apo. Bola ndiipangenso yonse kuyambira pansi, yabwinobwino, yoti ingagwire m'mashopu chikwi."

Pambuyo pake ndinamva kuti amenewa ndi matenda a anthu a ntchito yawo. Denga likadontha pamalo amodzi, iwo saika lata, amajambula nyumba yatsopano. Ine mashopu chikwi sindinkawadziwa. Ndinkadziwa mathalauza khumi ndi awiri ali lende pakona.

Za sukulu anatiuza Lamlungu lina kunyumba kwake. Mlamu wanga, mkazi wake, ndi namwino, mkazi wosachulukitsa mawu. Anakhala pa kapeti akupinda tizovala ta mwana wawo, amene n'kuti akungoyamba kukwawa. Wamawaya anaimirira pakati pa chipinda ngati akulankhula ndi anthu ambiri, pamene tinalipo awiri. Anati ntchito asiya, akufuna kampani yakeyake yogulitsa pulogalamu ija. Ndinawomba m'manja. Kenako anati koma asanayambe abwerera kaye ku yunivesite zaka ziwiri, akaphunzire za bizinesi.

"Mwati bwanji, bwana?" ndinatero. "Anthu asanu ndi mmodzi akukuimbira foni, iwe ukupita kukafunsa aphunzitsi mmene amapezera makasitomala?"

"Kupanga ndimatha, achemwali. Kugulitsa sinditha. Sindidziwa mtengo umaikidwa bwanji, mgwirizano umalembedwa bwanji, anthu oika chuma m'makampani amalankhulidwa bwanji. Ndikalowa chimbulimbuli ndigwa."

"Sukulu yako ndi telala uja. Pita ukakhale naye tsiku limodzi. Ndionetsetse adathetsa nkhosa, iwe."

Anaseka, n'kunena kuti miyambi siyendetsa kampani. Ndinayang'ana mlamu kuti andithandize. Iye anangosalaza kamalaya pa bondo, n'kukapinda kawiri. Ndinadziwa kuti anakambirana kale ndipo analephera kale. Chimene sindinanene tsiku lija n'chakuti mlongo wanga sankaopa kugwa ayi. Ankaopa kuyankha foni. Kalasi inali malo oti munthu angabisalemo zaka ziwiri anthu n'kumamulemekeza.

Ndisanamizire sukulu, inamusintha. Munthu amene ankalankhula akuyang'ana nsapato zake anayamba kuyang'ana anthu m'maso. Anagula jekete, anaphunzira kugwira munthu dzanja mwamphamvu, anapeza anzake oyankhula msanga. Ankatha kukufotokozera chifukwa chimene shopu ina imakula ina n'kufa, mpaka iwe mwini shopu n'kumagwedeza mutu kuti eee, n'zoonadi. Zina mwa zimene ananena ndinazitsatira, monga kuika zovala za mawa kufupi ndi kauntala, ndipo zinathandiza.

Tsiku lina anabwera ndi anzake awiri a m'kalasi ndi mulu wa mapepala a mafunso makumi anayi, oti makasitomala ayankhe. Munthu wabwera kudzatenga malaya ake pa nthawi yopuma masana, iwe n'kumupatsa mayeso! Anayankha atatu okha, mmodzi analekezera pa funso lachisanu. Kenako anapita kumbuyo kwa a Nthunzi.

"Amayi, pa nambala kuyambira wani mpaka faifi, pulogalamuyi imakusangalatsani bwanji?"

A Nthunzi anaimika simbi, anamuyang'ana kudutsa mu nthunzi muja, n'kuloza pakona. "Thalauza."

Anzake aja anaseka. Iye anaonetsa kapepala kachikasu kaja pa laputopu, kuti onani sindinaiwale, zili mu yatsopano. Ndi tsiku lomwelo limene anandiuza chinthu chimene chinandimanga manja. Anati chilichonse chimene ndimalemba pa kompyuta ya pansi pa kauntala chimafika pa laputopu yake, ndipo pepala lake lalikulu lomalizira sukulu lidzaima pa shopu yanga.

"M'kalasi mwathu ambiri ali ndi maganizo chabe," anatero motsitsa mawu, anzake atatuluka. "Ine ndili ndi shopu yeniyeni. M'mawa ndikadzuka ndimayamba kuona kuti dzulo munalemba angati. Ndikaona mukulemba, ndimadziwa kuti sindinasiye ntchito pachabe."

Chaka choyamba chinatha, chachiwiri chinayamba. Kapepala kaja kanayamba kutuwa.

Ndiyeno panabwera suti ya ukwati. Mkwati anabweretsa suti yakuda, mnzake n'kudzatenga jekete yokha kuti telala afupikitse manja. Tsikulo kunali anthu ambiri, ndinadina batani mosaganiza. Thalauza linapita kwa amasiye. M'mawa wa ukwatiwo mayi a mkwati anaima pa kauntala atavala kale za ku ukwati, kompyuta ikunena kuti suti inatengedwa yonse, iwo akunena kuti mwana wawo ali m'chipinda ndi jekete ndi kabudula wamkati. Kwa amasiye kunali mathalauza akuda asanu ndi awiri. Timapepala ta nambala tinalipo, koma nambalazo kompyuta inali itaziiwala. Ndinaimbira Wamawaya katatu. Anatumiza uthenga: "Ndili m'kalasi, ndiimba." Tinatumiza mathalauza onse asanu ndi awiri kuti mkwati akayese. Mayi aja anandinyoza pamaso pa makasitomala, mawu ena sindingawabwereze pano, ndipo banja lawo lonse silinapondenso pa shopu yanga. Wamawaya anaimba patapita masiku atatu, n'kunena kuti pepani, kunali mayeso.

Sabata yotsatira kunabwera mkazi wina pa njinga yamoto, chisoti chili m'khwapa. Anali kugulitsa pulogalamu ya pa foni ya mashopu ngati yanga. Sanali wophunzira za makompyuta, anati kale ankagulitsa sopo, ndipo pulogalamuyo amaipanga ndi msuweni wake. Inali yonyansa, yobiriwira ngati ndere, mawu ena olembedwa molakwika. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, la jekete ndi thalauza. Anayesa, anakanda m'mutu.

"Zimenezo siitha, mayi. Mundipatse mpaka Lolemba."

Ndinaseka chamumtima, kuti Lolemba la anthu amenewa ndimalidziwa. Lolemba m'mawa njinga inaima pakhomo. Anadina jekete, thalauza linatsala pa mndandanda. Anandiuzanso kuti telala, wosoka nsapato ndi anzanga ena anayi aja anali atayamba kale kuigwiritsa ntchito, anatopa n'kudikira. Ndinamuuza kuti aiike pa foni yanga. Ndinkaganiza kuti ndimva kuwawa, kapena manyazi, koma mumtima munali zii. Ndinangomufunsa ngati angamwe madzi.

Vuto linatsala pansi pa kauntala. Ndikasiya kulemba pa kompyuta yakale, m'mawa mwake Wamawaya adzadzuka n'kupeza palibe kanthu. Miyezi isanu ndi itatu inali itatsala kuti amalize. Ndiye tsiku loyamba lomwelo, itakwana hafu faifi, ndinatsitsa chitseko theka, ndinakoka mpando, n'kukopera mu kompyuta yakale makasitomala onse a tsikulo. Mawa lake bambo wina anabwera kudzadandaula kuti akulandira mauthenga awiriawiri. Ndinasintha: pa kasitomala aliyense ndinayamba kulemba nambala ya foni yanga, kuti mauthenga a kompyuta yakale azibwera kwa ine. Kenako kukopera kunanditopetsa, ndinayamba kungopeka. Mayi uje, madiresi awiri ndi bulangete. Bambo uje, malaya anayi. Pakapita masiku awiri ndinkadina kuti atenga, foni n'kunjenjemera m'thumba la epuloni kundithokoza potenga zovala zanga.

Mukaganiza kuti mayina ndi ambiri, yesani kupeka khumi ndi asanu tsiku lililonse. Ndinamaliza anzanga a kusukulu, aphunzitsi anga, aneba a nyumba zonse zimene tinakhalamo. Ndinayamba kulemba achibale. Lachinayi lina zala zinangolemba zokha dzina la bambo athu, amene anamwalira zaka khumi zapitazo. Pa zovala ndinalemba kuti suti yotuwa, imodzi. Anali nayo imodzi yokha moyo wawo wonse, ankaichapitsa kawiri pa chaka, ndipo ndi yomweyo imene tinawaveka powaika. Loweruka lake ndinadina onse a Lachinayi kuti atenga. Nditafika pa dzina la bambo, chala sichinatsike. Sindinalire, sindinaganize chilichonse, ndinangolumpha n'kupita pa wotsatira. Lachinayi linalo ndinawalembanso.

A Nthunzi ankaziona zonsezi akuvala juzi kuti azipita.

"Mayi, tsopano tayamba kuchapira akufa?"

"Pitani bwino, amayi."

"Ine ndangofunsa, kuti ngati akubwera ndiziwasitira bwino."

Musandifunse kuti bwanji sindinamuuze. Ndinayesa kamodzi. Mlamu anabwera ndi mabulangete a mwana, anandipeza ndikulemba mu pulogalamu yobiriwira ija pa foni, anayang'ana foni, anayang'ana pansi pa kauntala, n'kuyang'ana ine. Ndinati alamu, ndimuuza madzulo ano. Iye anaika mabulangete pa kauntala pang'onopang'ono. Maso ake anali ofiira ndi ntchito, nyumba yonse inali pa msana pake zaka ziwiri zimenezo.

"Amalize kaye, alamu," anatero. "Ndapota nanu."

Ndiye ndinapitiriza. Hafu faifi, chitseko theka, mpando, mayina. Zinangokhala ngati kusesa. Sindinkamva kuti ndikunama, sindinkamvanso kuti ndikuthandiza.

Anamaliza. Gawuni yake ndinaisita ndekha, a Nthunzi sindinawalole. Tinapita ku mwambo, tinakhala padzuwa maola atatu, dzina lake linatchulidwa pakati pa okhoza bwino kwambiri. Mlamu ananyamula mwana m'mwamba kuti aone bambo ake. Ine ndinawomba m'manja mpaka anatentha, koma ndinkamva ngati ndikuwombera mwana wa eni.

Sabata yotsatira, Lachinayi masana, analowa mu shopu atakolekera laputopu paphewa. Kapepala kaja kanali pomwe paja, katayera, atakamatanso ndi tepi kumakona. Anatsegula laputopu pa kauntala n'kuitana a Nthunzi kuti nawonso aone. Pulogalamu yatsopano inali yokongola, ndisaname. Zilembo zazikulu, mitundu yofatsa, chilichonse pamalo pake. Analemba suti yoyeserera, anadina jekete yokha. Jekete inachoka, thalauza linatsala, pambali pake palembedwa tsiku lodzatengera.

"Mwaona, amayi?" anauza a Nthunzi. "Thalauza."

"Ndaona, mwanangu," anayankha, n'kubwerera ku simbi yawo.

Nthawi yomweyo kunalowa kasitomala ndi makatani awiri. Ndikanatha kumuuza kuti adikire, ndikanatha kugwada pa kompyuta yakale n'kuchita ngati. Koma ndinali nditatopa. Ndinatulutsa foni m'thumba, ndinatsegula pulogalamu yobiriwira ija pamaso pa mlongo wanga, n'kulemba makataniwo. Kasitomala anatuluka. Makina ochapira ankazungulira kumbuyo.

"Miyezi isanu ndi itatu," ndinatero. "Zonse zimene wakhala ukuona ndi zopeka. Ndinkapeka ndine, madzulo aliwonse."

Sanadzidzimuke. Anakonza laputopu kuti ikhale molunjika ndi mphepete mwa kauntala.

"Ndikudziwa, achemwali."

"Anakuuza ndi alamu?"

"Ayi. Makasitomala mazana angapo, nambala ya foni imodzi, ndipo nambalayo ndi yanu. Onse amabwera pakati pa hafu faifi ndi kota tu sikisi. Ndinaona sabata yoyamba."

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala, womwe uja anakhalapo iye tsiku la diresi. Ndinayembekezera kuti mkwiyo ubwere, poti ine mkwiyo suchedwa, koma sunabwere.

"Ndiye bwanji sunanene? Ndakhala ndikuvutika n'kupeka anthu!"

"Inu bwanji simunanene?"

Patapita kanthawi ndinamufunsa za pepala lake lija. Anati analilemba chomwecho. Anaima pamaso pa aphunzitsi anayi, n'kuwaonetsa mzere wosonyeza mmene makasitomala a shopu imodzi amabwererabwerera osaleka. Mphunzitsi wina anamufunsa kuti chinsinsi chake n'chiyani.

"Unati chiyani?"

"Ndinati amatikonda." Anakanda tepi ya pa kapepala kaja ndi chikhadabo. "Anawomba m'manja."

"Ndiye sukuluyo yakuthandiza?"

Anaganiza kwa nthawi, monga amachitira munthu wofuna kuyankha zoona. Anati tsopano amadziwa kuika mtengo, amadziwa kulemba mgwirizano, ndipo foni ikalira amayankha. Anatinso kampani ina yamuitana kuti akatsogolere gulu la opanga mapulogalamu, ayamba pa wani mwezi wamawa, ofesi yake ili ndi windo. Ndinamufunsa kuti nanga kampani yako ija? Anatembenuzira laputopu kwa ine, pulogalamu yokongola ija ikuwala, thalauza loyeserera likudikira.

"Mungabwerere, achemwali? Ndikakhala ndi shopu imodzi yeniyeni, ndikhoza kuwakanira anthu a ofesiwo."

Apa ndiye panali pamene zonse zinkalowera, ndipo tonse tinadziwa. Ndinayang'ana pakona pa amasiye, pamene panali mahang'ala opanda kanthu miyezi isanu ndi itatu. Ndinaganiza za mkazi wa njinga yamoto, amene ndikamuimbira amayankha ali pamsewu, mphepo ikuwomba mu foni. Ndinaganiza za mlamu ndi maso ake ofiira. Chibale ndi fupa, sichiola, ndikudziwa. Koma ndinali nditamunamiza kale miyezi isanu ndi itatu chifukwa cha chibale chomwecho, ndipo ndinaona kumene zinatifikitsa.

"Ayi," ndinatero. "Sindibwerera. Pita ku ofesi."

Anagwedeza mutu kamodzi. Anatseka laputopu, n'kuilowetsa m'chikwama, kapepala kali pomwepo. Kenako anazungulira kauntala, anagwada pa kompyuta yakale n'kupukuta fumbi pa galasi ndi mkono wa malaya.

"Ndiizimitse basi, musamavutikenso. Koma pali zovala zosatengedwa."

Ndinaimirira kumbuyo kwake. Pa mndandanda wa odikira, kupatula opeka a dzulo ndi dzana, panali dzina limodzi lokha, lobwerezedwa kutsika mpaka pansi. Suti yotuwa, suti yotuwa, suti yotuwa.

"Makumi atatu ndi imodzi," anatero osatembenuka. "Enawo sindinkawerenganso. Ndinkangodikira Lachisanu m'mawa kuti ndione ngati adabwera."

Anadina yoyamba. Foni inanjenjemera m'thumba la epuloni yanga. Anadina yachiwiri, inanjenjemeranso. Sanathamange, ankadikira kuti dzina lichoke kaye asanadine lina. Ine ndinatenga makatani a kasitomala uja n'kuyamba kuwafunyulula, kufufuza madontho, foni ikugunda pa ntchafu panga. A Nthunzi anaimika simbi. Ndinkawerenga osafuna, ndipo pa makumi atatu kugunda kunasiya.

Wamawaya anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo.

"Yomalizayi ndi yanu, achemwali. Munawalemba ndinu. Mukadina, batani lozimitsira lili kumbuyo, kumanzere."

Anatenga malaya ake awiri amene anali pa hang'ala kuyambira sabata ya mwambo, anatsanzika a Nthunzi mwaulemu, n'kutuluka. Ndinamuona pa windo akudikira kuti galimoto zidutse, malaya ali paphewa, chikwama chikulendewera.

Masana onsewo ndinagwira ntchito. Kunabwera anthu asanu ndi anayi, wina anakangana nane za dontho la mafuta limene linalipo kale. Itakwana hafu faifi ndinatsitsa chitseko theka, ndinakoka mpando monga mwa masiku onse. Linali Lachinayi, zala zinapita zokha pamalo olembera dzina, ndinazibweza. Ndinadina batani la suti yomaliza ija.

Ulendo uno foni ndinaitulutsa. Pamwamba panali dzina la bambo athu, pansi pake mawu a mlongo wanga: "Zikomo potenga zovala zanu. Mudzabwerenso."

Ndinapapasa kumbuyo kwa kompyuta, kumanzere, mpaka ndinalipeza batani lija. Kenako ndinapita kukathandiza a Nthunzi kupinda makatani, poti munthu mmodzi sangawapinde.